Mfuti ya polisi ikalira, owerenga zipolopolo akhale akunja

Nthawi iliyonse mneneri wa apolisi akalengeza kuti anthu oganiziridwa kuti ndi achifwamba afa powomberana ndi apolisi, Amalawi timagawikana pawiri tsiku lomwelo. Pa mapologalamu oimba foni pa wailesi, pa Facebook, ngakhale m'minibasi, ambiri amayamikira: zakhala bwino, mbava zatikwana, apolisi apitirize. Ochepa amafunsa ngati anthuwo anawomberadi, ndipo wofunsayo amatukwanidwa kuti akuikira kumbuyo zigawenga. Pakatha masiku atatu nkhani yazizira, maliro aikidwa, ndipo zimene mneneri ananena zija zimatsala ngati mbiri yokhayo ya imfazo. Ine mbali yanga ndi iyi. Mfuti ya wapolisi ikavulaza kapena kupha munthu aliyense, kaya ndi mwana wasukulu kaya chigawenga chodziwika dera lonse, bungwe lakunja kwa polisi lizifika pamalopo tsiku lomwelo, osadikira kuti wina akadandaule, litenge mfutiyo, liwerenge zipolopolo, limve mboni, kenako liuze dziko zimene lapeza. Wowomberayo asagwirenso mfuti kufikira kafukufuku atatha, ndipo mafunso asathere pa iye yekha, akwere mpaka kwa bwana amene anamutuma.

Zimenezi si zachilendo m'malamulo athu. Gawo 16 la Malamulo Aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, ndipo palibe woyenera kumulanda moyowo mwachisawawa. Lamulo la Apolisi la 2010, pa gawo 44, limatchula pamene wapolisi angagwiritse ntchito mfuti: pa munthu wa mlandu waukulu amene akuthawa m'manja mwa boma, pa amene akufuna kulanditsa womangidwa mwa mphamvu, ndi pa amene akuletsa mwa mphamvu kuti iye kapena mnzake amangidwe. Limafunanso chenjezo, ndipo limati mmene zingathekere cholinga chikhale kumufooketsa munthuyo, osati kumupha. Tsono lamulo likaika malire otere, pafunika wina woona ngati malirewo sanalumphidwe, apo ayi mawuwo ndi ongokongoletsa pepala. N'chifukwa chake lamulo lomwelo, pa gawo 128, linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, Independent Complaints Commission kapena kuti ICC, n'kulipatsa mphamvu zofufuza imfa ndi kuvulala kobwera chifukwa cha zochita za apolisi. Chomvetsa chisoni n'chakuti bungweli linagona papepala zaka khumi. Unadutsa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, wa Joyce Banda ndi wa Peter Mutharika, ndipo mkulu wake woyamba, Christopher Tukula, anadzasankhidwa mu 2020.

M'zaka khumi zimenezo ndi mmene munagwa 20 Julaye 2011. Anthu anakhamukira m'misewu ya Mzuzu, Karonga, Lilongwe ndi Blantyre kudandaula za kusowa kwa mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kayendetsedwe ka boma, ndipo zionetserozo zinatengera anthu 20 kumanda, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo za apolisi. Mzuzu ndiye unalira kwambiri, manda a ku Zolozolo ndi mboni. Pamenepa ena amati, si uja boma linakhazikitsa komiti yofufuza, ndiye njira ilipo kale? Linakhazikitsadi, ndipo lipoti lake, lomwe linatuluka mu 2012 Bingu atamwalira, linanena mosapsatira kuti apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso. Koma komiti yotere imabadwa pulezidenti akafuna, imayamba ntchito patapita miyezi, mfuti zitabwerera mosungira zida n'kutulukanso kambirimbiri, ndipo ikamaliza imangopereka malangizo, sizenga munthu mlandu. Imatha kunena kuti apolisi analakwa, koma kuti chipolopolo chimene chinapha uje pa msewu wakuti chinatuluka mu mfuti ya uje, zimenezo siingazipeze, pakuti umboni wotere umatoledwa m'maola oyambirira okha. Ndiponso lipoti likamuwawa amene analiitanitsa, amalitsekera m'kabati. Tinaziona kale nthawi ya atsamunda: anthu atawomberedwa ku Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959, komiti ya Devlin inafufuza n'kunena kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, boma la Britain n'kukana mbali zimene sizinalikomere. Chinanso, makomiti apamwambawa amabwera anthu akafa ambiri pamodzi kapena dziko likafuula. Wophunzira wa ku Chancellor College amene anawomberedwa mu Disembala 2001, kamtsikana ka ku Chilobwe kamene kanafa ndi chipolopolo pa zipolowe za pambuyo pa chisankho cha 2004, awa timawakumbukira chifukwa manyuzipepala anawalira. Nanga mnyamata wa kabaza wowomberedwa usiku pa rodibuloko, ndani angamukhazikitsire komiti?

Mfundo yolemera kwambiri ya amene sagwirizana nane ndi ya chitetezo cha wapolisi mwini wake, ndipo siyoyenera kuipeputsa. Iwo amati wapolisi amasankha chochita m'kuphethira kwa diso, mumdima, akuyang'anizana ndi munthu wa chikwanje kapena mfuti, pamene ofufuza adzaunika zochita zakezo kwa miyezi atakhala phee mu ofesi. Amati mukamuopseza ndi kafukufuku, tsiku lina adzazengereza, ndipo kuzengerezako kudzaphetsa iyeyo kapena munthu amene amamuteteza. Amatikumbutsa za wapolisi amene anaphedwa ndi miyala pa Msundwe mu Okutobala 2019, komanso kuti malipiro a konsitabo ndi ochepa kuyerekeza ndi zoopsa zimene amakumana nazo. Zonsezi n'zoona. Komabe tione chimene kafukufuku woyenera amafunsa. Safunsa ngati wapolisiyo anachita zimene munthu wodziwa zonse akanachita. Amafunsa ngati, pa zimene iye ankaona ndi kudziwa pa mphindi imeneyo, panali moyo umene unali pachiswe ndipo panalibe njira ina youpulumutsira. Muyeso umenewu ndi umene uli mu mfundo za bungwe la United Nations zokhudza kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu ndi mfuti, zomwe zinavomerezedwa ku Havana mu 1990. Wapolisi amene anawombera chifukwa chigawenga chinamuloza ndi mfuti alibe choopa pa funso limeneli. Ndipotu kafukufuku wakunja ndi amene angamuyeretse pamaso pa anthu, chifukwa mawu akuti sanalakwe akachokera ku likulu la apolisi ku Area 30, abale a wakufayo sangawakhulupirire ngakhale atakhala oona.

Otsutsana nane amakonda kutchula zimene zinachitika ku London. Wapolisi anawombera ndi kupha Chris Kaba ali m'galimoto mu Sepitembala 2022. Bungwe loima palokha lofufuza madandaulo okhudza apolisi kumeneko, IOPC, linafufuza, wapolisiyo anazengedwa mlandu wakupha, ndipo apolisi anzake ena anasiya ntchito yogwira mfuti pokwiya. Mu Okutobala 2024 khoti linamupeza wosalakwa. Iwo amati taonani, munthu wazunzika zaka ziwiri pachabe. Kuti zaka ziwiri n'zambiri ndikuvomera, ndipo kwathu kuno lamulo liyenera kuika malire a nthawi kuti wapolisi asakhale m'malere, akulandira malipiro ake onse kufikira zotsatira zitatuluka. Koma nkhani yomweyo ikuonetsa kuti umboni unaonedwa poyera, kanema wa zimene zinachitika anaonetsedwa, ndipo wapolisiyo anamasulidwa ndi khoti, osati ndi bwana wake. Za kuzengereza zija, kunena zoona ine ndimafuna wapolisi azizengerezako pang'ono asanakoke chala. Womangidwa molakwa amatuluka pa belo, womenyedwa ndi ndodo amachira, koma wowomberedwa pamtima palibe apilo imene ingamudzutse.

Gulu lina limati polisi ili kale ndi nthambi yake yoona za mwambo ndi khalidwe la apolisi, ndipo odziwa bwino za mfuti ndi apolisi omwewo, ndiye bungwe lina n'lachiyani? Yankho langa lili pa zimene apolisiwo amachita kwa ena tsiku ndi tsiku. Dalaivala wa minibasi akagunda munthu n'kufa, apolisi apamsewu amafika, amayeza msewu, amatenga laisensi, galimoto amaikokera ku polisi kuti akaone mabuleki, mtembo umakapimidwa kuchipatala. Amachita zonsezi ngakhale mboni zitanena kuti wogundidwayo anali ataledzera n'kudziponya yekha pamsewu. Palibe amene amati dalaivala wazunzidwa, ndipo palibe amene angalole kuti mwini minibasi ndi kondakitala afufuze okha n'kudzatiuza kuti zonse zinali bwino. Ndiye zikuvuta pati kuti mfuti, imene inapangidwira kupha, itsate njira imene galimoto imatsata? Wofufuza wa m'kati amakhala m'malaini amodzi ndi wofufuzidwa, anaphunzira limodzi ku Kanjedza kapena ku Mtakataka, akazi awo amapemphana mchere, ndipo kukwezedwa kwake pa udindo kuli m'manja mwa bwana yemweyo amene dzina lake lingaipe ndi zotsatira za kafukufukuyo. Sindikunena kuti ndi anthu oipa mtima. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Pa Msundwe pomwepo tinaziona: amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika atanena kuti apolisi anawagwirira pobwezera imfa ya mnzawo, chimene chinasuntha nkhaniyo ndi lipoti la Malawi Human Rights Commission ndi mlandu umene bungwe la Women Lawyers Association linatengera ku Bwalo Lalikulu, lomwe mu 2020 linagamula kuti amayi 18 alandire chipepeso. Onse amene anasuntha mwalawo anali akunja kwa polisi.

Tsopano ndifike pa mawu amene amandivuta kwambiri, chifukwa amachokera kwa anthu wamba amene ndimawamvetsa: anali mbava, bwanji mukumulira? Munthu amene anathyoleredwa nyumba usiku, ana ake akuona bambo awo akukhapidwa ndi zikwanje, kenako n'kukumana ndi wakubayo pamsika patangotha sabata atatuluka pa belo, sangamve za gawo 16. Kwa iye chipolopolo ndi chilungamo chokhacho chimene chafika msanga. Ululu wake ndi weniweni, koma mfundo yake ili ndi mabowo. Choyamba, ndani watiuza kuti anali mbava? Ndi amene anamuwombera. Wakufa sayankha, ndipo popanda wofufuza wakunja mawu akuti chigawenga amasanduka chiphaso chophera aliyense, kuphatikizapo mlonda amene amathawa chifukwa cha mantha, kapena mnyamata amene analimbana ndi wapolisi pa nkhani ya chibwenzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chachiwiri, ngakhale atakhala mbava yeniyeni, dziko lino silinyonga munthu chifukwa cha foni kapena mbuzi. Ndipo kuchokera mu 1992 boma la Malawi silinanyongepo munthu aliyense, pamene mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Bwalo Lalikulu linathetsa lamulo lakuti aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha aziweruzidwa kuti aphedwe. Tsono ngati jaji, amene wamva mboni zonse ndi maloya a mbali ziwiri, ayenera kuyeza mozama asanatchule imfa, zingatheke bwanji kuti konsitabo apatsidwe mphamvu imeneyo kuseri kwa golosale popanda womufunsa? Apolisi omwewo amatilangiza pa wailesi kuti tisamawotche mbava, tizizipereka ku polisi kuti lamulo ligwire ntchito. Malangizowo ndi abwino, koma amafooka anthu akaona kuti ovala yunifolomu nawonso amadula njira.

Palinso chinthu china chimene oomba m'manja saganizira. Chigawenga chogwidwa chamoyo chimatha kuulula amene anachibwereka mfuti, amene amagula katundu wakubayo ndi amene amachitsina khutu za kumene apolisi akulondera. Chikafa, zonsezo zapita nacho kumanda. Ndipo popeza kangapo konse polisi yalengezapo yokha kuti yamanga apolisi ake pa milandu ya umbava, munthu ali ndi chifukwa chofunsira ngati imfa zina sizikhala zotseka pakamwa. Kafukufuku wakunja amathandiza bwana woona mtima kudziwa mfuti zake zikugwira ntchito yanji usiku.

Ena amavomera zonsezi koma amati ndalama palibe. Dziko limene zipatala zake zimasowa panado lingapeze kuti ofufuza okafika ku Chitipa kapena ku Nsanje tsiku lomwelo, komanso madokotala opima mitembo, omwe ndi owerengeka? Funso ili ndi lanzeru, ndipo ICC monga ilili ndi bungwe laling'ono limene silingakhale paliponse. Komabe mbali yaikulu ya zimene ndikunena sifuna ndalama, imafuna lamulo ndi mwambo. Wapolisi potenga mfuti mosungira zida amasaina m'buku, ndipo zipolopolo zimawerengedwa potuluka ndi pobwera. Kutseka bukulo ndi OB ya tsikulo (buku lolembamo zochitika pa siteshoni) kuti zisasinthidwe, kuika mfutiyo m'thumba lomata, kuwalekanitsa apolisi amene analipo kuti aliyense alembe yekha zimene anaona asanapangane, kujambula malowo ndi foni, kuimbira ICC ola lomwelo, zonsezi mtengo wake ndi mayunitsi ndi cholembera. Ku South Africa lamulo la 2011 la IPID, bungwe loima palokha lofufuza apolisi kumeneko, limakakamiza apolisi kudziwitsa bungwelo nthawi yomweyo ndi kupereka lipoti lolemba pasanathe maola 24, ndipo wolephera kutero amakhala ndi mlandu. M'zipatala zathu, zosauka chomwecho, mayi akamwalira pobereka pamakhala kuunika chimene chinalakwika, chifukwa unduna unagamula kuti imfa yotere siyodutsa mwakachetechete. Kuwonjezera apo, ndalamazo tikulipira kale mwa njira ina. Banja likasumira boma n'kupambana, chipepeso chimachokera m'thumba la okhoma msonkho, wowomberayo osataya ngakhale tambala, ndipo polisi siphunzirapo kanthu chifukwa palibe amene anafufuza chimene chinalakwika.

Ndanena kuti mafunso akwere mpaka kwa bwana, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena omenyera ufulu amene amakhutira akaona konsitabo mmodzi m'khoti. Pa zionetsero, wapolisi wa PMS, nthambi yoletsa zipolowe, sadzipatsa yekha zipolopolo zenizeni. Wina anagamula kuti gulu lakuti lipite ndi mfuti zankhondo m'malo mwa zishango, wina sanagule utsi wokhetsa misozi wokwanira, wina anatumiza anyamata khumi kukaletsa khamu la anthu masauzande, ndipo utsi utatha chimene chinatsala m'manja mwawo ndi mfuti. Mfundo za ku Havana zija zimanena kuti mkulu amene ankadziwa, kapena amene anayenera kudziwa, kuti anyamata ake akugwiritsa ntchito mfuti mosayenera koma osawaletsa, nayenso ali ndi mlandu. Zimanenanso kuti chisokonezo cha ndale si chifukwa chophwanyira malamulowa. Ku Marikana, kumene apolisi a South Africa anapha anthu 34 ogwira ntchito mu mgodi pa 16 Ogasiti 2012, komiti ya Farlam inapeza kuti dongosolo limene akuluakulu a polisi anakonza linali lolakwika, koma pofika mu 2022 panalibe wapolisi amene anali atapezeka wolakwa pa imfa za tsiku limenelo. Nkhani imeneyi ndaitchula dala, kuopa kuti wina angaganize kuti kukhala ndi bungwe lakunja n'kokwanira. IPID inalipo, koma bungwe lopanda mano, lodikira ndalama kwa andale, lofufuza a pansi n'kuopa a pamwamba, silingapite patali.

Choncho a Nyumba ya Malamulo ali ndi ntchito imene angaigwire pa msonkhano umodzi. Gawo 44 lija ndi lotambasuka kuposa muyeso wa United Nations, chifukwa limalola kuwombera munthu wa mlandu waukulu amene akuthawa ngakhale asakuopseza moyo wa wina aliyense, ndipo milandu yaikulu m'malamulo athu ikuphatikizapo kuba. Liyenera kuchepetsedwa kuti mfuti izilira pokhapokha moyo uli pachiswe. Mkulu wa siteshoni amene sanadziwitse ICC za kuwomberedwa kwa munthu azizengedwa mlandu iyeyo payekha. Ndalama za bungweli zizifika zonse monga zinavomerezedwera mu bajeti, ndipo likhale ndi ofufuza m'zigawo zonse. Pomaliza, Mkulu wa Apolisi azipereka kwa aphungu chaka chilichonse chiwerengero cha nthawi zimene mfuti za polisi zinalira, anthu amene anavulala, amene anafa, ndi chimene ICC inapeza pa imfa iliyonse. Ku England ndi Wales boma limasindikiza ziwerengero zotere chaka ndi chaka, ndipo zimaonetsa kuti apolisi amatuluka ndi mfuti maulendo oposa 17,000 pachaka koma nthawi zimene amawomberadi munthu sizifika 20. Phungu aliyense wa m'komiti yoona za chitetezo angathe kufunsa chiwerengero chathu cha chaka chatha nduna ikadzaima m'Nyumbamo kupempha ndalama za polisi, ndipo asavomere bajetiyo yankho lisanabwere.